Mkaka Wopanda Mwana

Chaka chachiwiri amuna anga ali ku Joni, mabere anga anayamba kutuluka mkaka. Mwana wathu, mmodzi yekhayo, anali ataleka kuyamwa kalekale, ali sitandade wani. Kumwezi ndinali nditasiya kupita mvula isanayambe, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa. Ndinkangoti mwina jakisoni wolera amene ndinasiya kubayitsa bambowo atachoka sanathe m'thupi. Chimene chinandiopsa ndi mkakawo. Ndinkapinda kansalu n'kukaika mkati mwa bulauzi, osauza munthu.

Kwathu ndi ku Kandeu, koma ndinali mtengwa kwa amuna anga kufupi ndi Mlangeni, nyumba yathu kuyang'anana khomo ndi ya apongozi. Pamudzi pa eni potere, ngakhale ukatsokomola usanadzuke, pofika nthawi yotunga madzi aliyense amakhala akudziwa kuti uli ndi chifuwa.

Tsiku limene zinaululika tinkakumba mbatatesi kudimba, ine ndi mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga. Nditawerama kuti ndimutwike ndowa, kansalu kaja kanagwera m'dothi, ndipo bulauzi inali itanyowa mbali zonse ziwiri. Iye anangoyang'ana, osanena kanthu. Mlamu wanga ameneyo ndi wolongolola, moti akakhala chete dziwani kuti nkhani yanyamuka kale.

M'mawa mwake apongozi anandiitana. M'nyumba mwawo ndinapezamo amayi ena awiri achikulire, amene amalangiza atsikana pamudzipo. Anatseka chitseko.

“Vula kumtunda, mwana iwe,” anatero mmodzi. “Tonse muno ndife akazi.”

Zala zake zinali zozizira, zokhakhala ngati chitsononkho. Anandifinya bere, mkaka n'kudontha pachala chake, iye n'kuchikweza kuti anzake aone bwino.

“Woyembekezera uyu. Bere lanena lokha.”

“Amayi, ine sindinagone ndi mwamuna aliyense,” ndinatero ndikuyang'ana apongozi.

“Nanga mkakawu ndi wa ng'ombe?” anandiyankha choncho.

Mlandu unathera pomwepo. Palibe anandifunsa ngati pali pena pondiwawa. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika ku Joni, ndipo amuna anga anaimba foni. Sanafunse kuti kodi n'zoona. Funso lawo linali limodzi: “Mayi a mwana, ndi yandani?” Ndinalumbira, ndinalira, ndinatchula Mulungu, iwo n'kudula foni. Kuyambira tsiku limenelo ankaimbira pa foni ya amayi awo, ndipo ine ndinkamva ndili pakhomo panga mwana wanga akucheza ndi bambo ake m'nyumba ya agogo ake.

Ndinauza mlamu wanga kuti tipite limodzi kuchipatala chaching'ono cha kufupi, akadzimvere yekha. Namwino anandiyeza mkodzo, n'kunena pamaso pathu tonse kuti mimba palibe. Za mkaka anati ndisamaufinye, uuma wokha. Pakhonde panali mzere wautali wa amayi a sikelo, ndiye anandipatsa mankhwala a mutu n'kuitana wina. Ine ndinatuluka mtima uli m'malo, ndikuti zatha. Tisanafike n'komwe pamsewu wa tala, mlamu wanga anati, “Ndiye kuti munachotsa kale, alamu.”

Taonani nzeru za anthu amenewo! Mimba ikanakula, ndine hule. Mimba sinakule, ndine hule wakupha mwana. Panalibe khomo limene anandisiyira loti ndingatulukirepo ndili wosalakwa. Amayi achikulire aja anavomerezana naye, amvekere mkazi amene wataya mimba amatulukanso mkaka. Mudzi unandipezeranso amuna. Ena ankati ndi wogula mbatatesi wa ku Blantyre, ena wa kabaza, ena anatchula mkulu wina woyandikana nafe dimba amene ngakhale khasu amalinyamula mogomera.

Kenako inabwera nkhani ya mchere. Kumeneko amati mkazi amene wataya mimba ndi wotentha, akathira mchere m'ndiwo odyawo amatupa n'kumatsokomola. Apongozi anandiletsa kuthira mchere, ndipo posandikhulupirira anatenga mwana wanga kuti azikadya kwawo. Ndinkaphika ndekha, kudya ndekha, mbale imodzi. Mu Juni, chisanu cha ku Mlangeni chitafika pachimake, mwanayo anagwidwa ndi chifuwa ngati ana onse a pamudzipo, koma chake chokha chinali chochokera kwa ine. Kutchalitchi akulu a mpingo anandiimitsa mgonero, kukwaya n'kundichotsa. Amayi amene ndinkaimba nawo mawu amodzi ankasendera kutali pabenchi.

Achimwene anga, amene anali nkhoswe ya banja lathu, anabwera kuchokera ku Kandeu n'kundiuza kuti ndilongedze. Ndinakana. Ndikanachoka, akanati ndathawa manyazi. Komanso ndinkafunabe banja langa, ndisaname. Ndinkadziuza kuti amuna anga akuchita kumva za m'makutu ali kutali, tsiku limene choona chidzadziwike adzagwa nkhope, adzandipepesa. Ndinakhala pamudzi paja ndikudikira tsiku limenelo basi.

Uku mutu unkandiwawa mosalekeza, kuseri kwa maso. Ndinayamba kugunda mphuthu ya chitseko ndi phewa, kupunthwa pa ndowa zimene zili pambali. Munthu akachokera chakumbali sindinkamuona mpaka atandiimirira kutsogolo. Zimenezonso zinapeza tanthauzo lake: ena amati ndayamba matama, ena amati manyazi akundiletsa kupereka moni. Munthu ukakhala kuti waweruzidwa kale, ngakhale matenda ako amasanduka umboni.

Tsiku lina ndikugulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu, ndinathamangira minibasi imene inaima kutsidya, ndowa ili kumutu. Njinga yamoto inachokera kumanzere, ine osaiona n'komwe. Ndinagwa, mkono n'kuthyoka, ndipo ananditengera kuchipatala cha kuboma.

Dokotala amene ankandimanga pulasitala anali mayi wa msinkhu ngati wanga. Ataona bulauzi yonyowa anafunsa, “Mayi, khanda mwasiya ndi ndani?”

Apo ndinaphulika. Ndinakalipira munthu wosalakwa, mawu pamwamba, odwala onse kutembenuka. Ndinamuuza kuti khanda ndilibe, mimba ndilibe, sindinachotse, chibwenzi ndilibe, ndipo ngati nayenso akufuna kufinya afinye, popeza mabere anga anasanduka a mudzi wonse. Iye anandisiya mpaka mpweya utandithera. Ndiye anayamba kufunsa modekha. Kumwezi ndinasiya liti? Pali mankhwala amene ndikumwa? Mutu umawawa pati? Anakhala kutsogolo kwanga, n'kuti ndiyang'ane mphuno yake, kenako anatambasula manja n'kumagwedeza zala chakumbali, akuzibweretsa pang'onopang'ono pakati. Zalazo ndinaziona zitatsala pang'ono kufika pankhope yake.

“Njinga ija simunaione chifukwa cha ichi,” anatero. “Mkaka, kusasamba, mutu ndi maso, ndikuganiza kuti gwero lake ndi limodzi.”

Anandifotokozera kuti m'magazi mumayenda timadzi totchedwa mahomoni, timene timauza ziwalo zochita. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kochepa ngati nsawawa, kamene kamatulutsa homoni youza mabere kuti apange mkaka. Kachiwaloko kakatupa, homoniyo imachuluka, thupi n'kumachita ngati la mayi woyamwitsa: mkaka kutuluka, kusamba kuima. Chotupacho chikakula chimapanikiza mitsempha ya maso. Anati kuti atsimikize pafunika kuyeza magazi ndi kujambula m'mutu, ndipo zimenezo n'za kuchipatala chachikulu ku Blantyre.

Ndinalira pamenepo, koma sikunali kulira kwa chisangalalo. Mtima unkandiwira. Miyezi yonse ija matenda akundidya maso, anthu anali kalikiliki kundifunira mwamuna.

Achimwene anandiperekeza ku Blantyre. Ulendo sunali umodzi. Koyamba anatenga magazi n'kuti tidikire, kenako makina ojambulira anali ndi anthu ambiri, tinabwerera n'kudzapitanso. Zotsatira zinagwirizana ndi mawu a dokotala uja: homoni ya mkaka inali yokwera kwambiri, ndipo chotupa chinalipodi, koma sichinali khansa. Anayezanso chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, poti nako kakafooka kamabweretsa zofanana, koma kanali bwino. Anandipatsa mapiritsi, n'kundichenjeza kuti ndisadzasiye ndekha ngakhale nditamva bwino.

Masabata oyamba mapiritsiwo anandizunza. Mseru, chizungulire ndikadzuka msanga, mphuno kutsekeka. Mlamu wanga atandiona ndikusanza kuseri kwa bafa, nkhani ya mimba inatsala pang'ono kuyambiranso. Koma thupi linazolowera. Mkaka unayamba kuchepa mpaka kuuma, mutu unaleka, maso anayamba kuonanso m'mbali, ngakhale lamanzere silinabwerere mwakale. Tsiku limene ndinaonanso kumwezi ndinachapa nsalu zanga ndikuimba.

Achimwene anakhala pansi ndi apongozi ndi amayi achikulire aja, n'kuwafotokozera zonse mwa ulemu wake. Apongozi anamvetsera akutongola chimanga, osadzutsa mutu.

“Zachipatala zimenezo ife sitizidziwa,” anatero. “Chachikulu wachira.”

Mwana anabwerera kudzadya kwanga. Kumpingo anangolengeza kuti ndiyambenso mgonero, osanena kuti anandiimitsiranji. Amene anandifinya uja ankandipatsa moni kuchitsime ngati palibe chinachitika. Mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pa munthu aliyense, koma ndinameza, poti amene ndinkamudikira anali mmodzi.

Amuna anga anafika Khirisimasi itayandikira, atanenepa, ndi zikwama zikuluzikulu. Anandibweretsera bulangete, nsapato ndi mapoto. Alendo atabalalika masana amenewo, tinakhala awiri pakhonde. Ndinawafotokozera kuyambira tsiku la kudimba mpaka ku Blantyre, ndinawaonetsa mkono umene unathyoka ndi botolo la mapiritsi. Ankamvetsera bwino, akugwedeza mutu. Nditamaliza anandigwira dzanja, n'kuyankhula ndi mawu ofatsa a munthu wabwino.

“Zapita zimenezo, mayi a mwana. Musadandaulenso. Ine ndinakukhululukirani kale.”

Ndinachotsa dzanja langa.

“Mwandikhululukira chiyani, bambo?”

“Aa, tisakumbe zakale.”

“Ayi, tchulani. Chimene ndinachita, chimene mwandikhululukiracho, n'chiyani?”

Anayang'ana kunyumba kwa amayi awo, n'kuyang'ana pansi. Ndiye anati matenda akumva, ndipo akuthokoza kuti ndinachira, koma munthu akakhala kutali sangadziwe zonse, n'chifukwa chake anangoganiza zoiwala, kaya zinachitika kaya sizinachitike.

Kaya zinachitika! Ndiye kuti ndizigona m'nyumba imodzi ndi munthu ameneyu mpaka kukalamba, iye ali wachifundo uja, ine ndili hule wokhululukidwa. Akadzandikwiyitsa ndizikhala chete, poti anandichitira chisoni. Ndinawafunsa komaliza ngati angaime pamaso pa amayi awo n'kunena kuti mkazi wanga munamunamizira. Anati amenewo ndi makolo, sangawachititse manyazi.

M'mawa mwake ndinamanga katundu wanga m'zitenje, ndinasiya bulangete, nsapato ndi mapoto aja pamphasa, n'kukwera matola a ku Kandeu ndi mwana wanga. Mapiritsi ndikumwabe, ndipo ku Blantyre ndimapitabe kukayezetsa magazi. Ku Mlangeni ndimamva kuti amandinena kuti ndine mkazi wouma mtima, woti mwamuna wake anamukhululukira koma iye anakana kukhululuka. Pa zonse zimene ananena za ine pamudzi paja, chimenechi chokha ndiye choona.