Ndinachotsetsa mabuleki pa njinga ya alamu anga

Inu owerenga, pali munthu amene lero akuyenda motsimphina chifukwa cha ine. Sindinamumenye, sindinamugunde ndi njinga yanga yamoto, ndipo chiyambire kudziwana sitinayambanepo. Chinamupundula ndi pakamwa panga, kudziyesa wodziwa zinthu zimene ndinangoziona pa foni. Munthuyo ndi alamu anga a Lemani, amuna awo a achemwali anga aakulu. Dzina langa sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti a kwathu ku Mlangeni akangowerenga andizindikira.

Ine ndimachita kabaza wa njinga yamoto pa Lizulu. Tsiku limene si la msika timakhala nthawi yaitali pa siteji kudikira wokwera. Anzanga amatayitsa nthawi ndi bawo kapena mikangano ya mpira, koma ine mpira sunandikokepo mtima. Tsiku lina ndikungotokosa foni ndinapeza kanema wa mpikisano wa njinga zakapalasa umene ndinali ndisanauonepo. Amapikisana m'chinyumba chachikulu, pa bwalo lozungulira loyalidwa matabwa, lopendekeka m'makona ngati m'kati mwa beseni. Opalasawo ntchafu zawo ngati mitondo, mitu atazyolitsa, akudutsana moyandikana mpaka kukhudzana zigongono.

Ndinakodwa pomwepo. Ndinayamba kutsata nkhani za akatswiri a masewerawa: amene wapambana, amene wavulala, amene akumunena kuti wakula apumeko. Ndinkawerenganso maganizo a anthu olemba za masewerawa, ena akutama uyu, ena akunyoza uyo. Chingerezi changa ndi cha Folomu 4, choperewera, ndiye pamene sindinamve ndinkangolumpha n'kudzazapo nzeru zanga. Pa siteji ndinasanduka wailesi. Ndinkawauza anzanga kuti katswiri wakutiwakuti watha mphamvu, mnzake uja ndiye ali ndi mutu, ngati kuti ndinadya nawo mbale imodzi. Anandipatsa dzina loti Kochi. Iwo ankanena mwachipongwe, ine ndinalilandira ngati ulemu.

Zinthu ziwiri zinandizunguza mutu kwambiri. Choyamba, njinga za akatswiriwo zilibe mabuleki, ndipo mapedulo ake sapuma: tayala likamazungulira, miyendo nayo iyenera kuzungulira. Chachiwiri, pali mpikisano wina umene njinga yamoto imayamba ndiyo kutsogola, opalasa atandondana pambuyo pake kubisala mphepo, kenako yamotoyo imapatuka iwo n'kulimbirana kumaliza. Nditaona zimenezo ndinati mumtima, njinga yamoto ndili nayo, chikusowa ndi munthu wa miyendo.

Munthu wa miyendoyo ndinali naye pakhomo. A Lemani ankalima kachewere ndipo ankamupititsa okha ku msika pa njinga. Zitunda zimene amuna anzawo amatsika n'kumakankha, iwo ankakwera ali pa chishalo, matumba ali kumbuyo, akuyankha moni wa anthu osapuma wefuwefu. Ndi munthu wofatsa, wosachulutsa mawu, woimba besi m'kwaya ya ku tchalitchi kwathu. Ankandikonda ndipo ankandikhulupirira, poti ine ndinapitako patsogolo ndi sukulu pamene iwo analekera ku pulayimale.

Nditawaonetsa kanema uja anaseka, nati azunguwa alibe minda. Ine sindinaleke. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkawaonetsa wina, ndikuwauza kuti miyendo yawo ikuthera pa matumba a kachewere pamene anzawo akudziwika nayo dziko lonse. Nthawi imeneyo kunamveka mphekesera yoti ku boma kudzachitika mpikisano wa njinga. Sindinafufuze n'komwe kuti ndi zoona, kapena kuti mpikisanowo ndi wa mtundu wanji. Ndinangowauza kuti akaphunzira mwa akatswiri, palibe wa mu Ntcheu angawaone nkhongo. Patatha masabata angapo anavomera, ndipo ndikuganiza kuti anavomera pofuna kundisangalatsa ine.

Anali ndi njinga ina yakale, imene malemu bambo awo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Tinapita nayo kwa a Zakeyu, okonza njinga pamsika. Ndinawauza kuti achotse keliyala, madigadi ndi mabuleki onse, ndipo awotcherere kumbuyo kuti mapedulo asamapume. A Zakeyu anaika sipanala pansi.

"Nanga munthuyu akafuna kuima aziima bwanji?" anandifunsa.

Ndinayankha kuti akatswiri amaima ndi miyendo, pokaniza mapedulo pang'onopang'ono. Zimenezo n'zoona, koma n'zoona pa bwalo la matabwa lija. A Zakeyu anayang'ana a Lemani kudikira kuti alankhule, koma iwo anangoti alamu ndi amene akudziwa. Bamboyo anagwira ntchitoyo akupukusa mutu, ndipo mabulekiwo anatikulungira m'pepala kuti tikasintha maganizo tidzabwere nawo.

Achemwali anga atawapeza mabulekiwo pawindo anandifunsa tsiku lomwelo. "Achimwene, tizitsulo iti si toimitsira njinga kodi? Bwanji tili pano njinga ili panja?" Ndinawaseka. Ndinati achemwali, izi ndi za masewero a kunja, inu simungazimve. Anangondiyang'ana n'kubwerera ku ntchito yawo. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Tinayambira pa bwalo la mpira la pasukulu, ine patsogolo pa yamoto, iwo pambuyo. Koma bwalolo linali la mabampu ndi fumbi, ndipo ine ndinkafuna liwiro longa la pa foni. Ndinati tipite pa tala, m'mamawa magalimoto asanachuluke. Masiku oyamba zinayenda bwino moti anthu ankaima m'mbali mwa msewu kutionerera. Kumva anthu akuti Kochi ndi munthu wake akubwera, mutu wanga unakula.

Chenjezo linabwera koma sindinalimve. Tsiku lina phazi lawo linaterereka pa pedulo, ndipo poti pedulo silinkaima, linawakhapa pa msongolo mpaka magazi. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinakumbuka kuti akatswiri aja mapazi awo amakhala omangirira ku mapedulo. Ndinatenga malegeni omangira katundu n'kuyamba kuwamanga mapazi ndi manja angawa tisananyamuke. Chinanso chimene ndiyenera kuulula ndi ichi: makanema a ngozi za m'mipikisanoyi ndinkawaona. Ndinaona akatswiri akugwa mulu, ena akunyamulidwa pa machira, chonsecho atavala zipewa zolimba ndipo madokotala ali pompo. A Lemani sindinawaonetseko ngakhale amodzi, kuopa kuti angachite mantha n'kundithawa.

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, kukuzizira monga kumachitira kwathu kuno. Ndinasankha malo otsetsereka pakati pa Mlangeni ndi Lizulu kuti tione liwiro lawo lenileni. Ndinawamanga mapazi, ndinawauza kuti tayala lawo lakutsogolo lisatalikirane ndi langa lakumbuyo, tinanyamuka. Ine ndinali nditavala chipewa changa cha kabaza, iwo anali ndi kachipewa ka ulusi koteteza mphepo. Titafika pakati pa mtsetse ndinacheuka kuti ndiwalimbikitse. Pobweza maso kutsogolo ndinaona ngolo ya ng'ombe yodzaza kabichi ikulowa mumsewu kuchokera ku kanjira ka mbali ya Mozambiki.

Inu owerenga, ine ndinali ndi mabuleki. Dzanja ndi phazi langa zinawagwira zokha ndisanaganize n'komwe za munthu amene anali pambuyo panga. A Lemani analibe choimira, ndipo sakanatha kudumpha poti mapazi anali omangidwa. Akanangolunjika akanandigunda ine, tonse n'kukagwera pa ngolo. Iwo anakhotetsa njinga kundilambalala, n'kukagwera m'ngalande ya konkire ya m'mbali mwa msewu, njinga ili ku mapazi.

Nditathamangirako ndinawapeza ali maso, mwendo wakumanja utapindika pamene mwendo supindika. Sankalira, ankangopuma mwa befu. Mwini ngolo, bambo wachikulire amene sindinkamudziwa, anatsikira m'ngalandemo ndi mpeni n'kuyamba kudula malegeni. Ali m'kati modula anakweza mutu n'kufunsa anthu amene anasonkhana.

"Munthuyu anamumanga chonchi ndani?"

Ambiri mwa anthuwo ankadziwa, ndipo ena anandiyang'ana. Ine ndinangoti zyoli.

Galimoto ina yonyamula tomato inatithandiza kuwafikitsa ku chipatala ku boma. Anapezeka kuti athyoka fupa la ntchafu ndipo chiuno chaphwanyika mbali imodzi. Adokotala anati n'chisomo kuti mutu sunamenye konkire. Anagona m'chipatala miyezi, mwendo uli chokokedwa ndi zitsulo. Achemwali anga ankagona pansi pambali pa bedi, kachewere amene anali atakhwima kumunda akuonongeka. Ndikapita kukazonda, achemwaliwo ankalandira chimene ndanyamula, kuyankha moni, basi. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Ndikanakonda akanandikalipira.

Abale a a Lemani atabwera anafuna kudziwa chimene chinachitika, poti mphekesera zinali zitawafika. Ine ndinali pomwepo. A Lemani anawauza kuti anagwa okha, njinga inawakanika pa mtsetse, ndipo alamu awo ndi amene anawapulumutsa powathamangitsira ku chipatala. Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo. Kwa masabata awiri ndinalola bodza limenelo kuti lindifunditse. Anthu ena mpaka ankandithokoza. Kenako ndinalephera kupirira, ndinapita kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri n'kunena zonse: za mabuleki, za malegeni, za makanema a ngozi amene ndinabisa. Amalume awo a a Lemani anakwiya kwambiri ndipo ankafuna nkhaniyo ipite patsogolo, koma a Lemani eni ake anakana. Anati mlandu subweza mwendo.

Pa nthawi imene anali m'chipatalayo ndinabwerera ku nkhani zija ndinkawerenga, ulendo uno modekha, ndikufunsa aphunzitsi ena a pasukulu mawu amene sindinkawamva. Zonse zinalembedwa momwemo. Njinga zija zilibe mabuleki chifukwa m'bwalomo onse amalowera mbali imodzi, simulowa galimoto, ng'ombe kapena woyenda pansi, ndipo wina atati amange buleki mwadzidzidzi angagwetse onse om'tsatira. Woyendetsa yamoto yotsogolera ija amachita kuphunzitsidwa, ndipo saima mwadzidzidzi. Opalasawo amayamba pang'onopang'ono kwa zaka, pali owayang'anira. Palibe pamene analemba kuti munthu akayesere zimenezi pa msewu wa magalimoto. Ine ndinatola zokoma m'maso zokha, zotsalazo ndinalumpha.

Lero a Lemani amayenda ndi ndodo, mwendo umodzi unafupika. Njinga sapalasanso. Kumunda amapita koma khasu sagwira nthawi yaitali, ndiye ntchito yambiri inagwera achemwali anga. Tsiku la msika ndimayamba ndanyamula katundu wawo ndi iwo omwe kukawasiya pa Lizulu, kenako n'kuyamba kabaza wanga. Amakhala pa benchi kugulitsa, akuona amuna anzawo akudutsa ndi matumba pa njinga. Ku kwaya anabwerera, koma amaimba atakhala pansi.

Tsiku lina ndikuwatsitsa pamsika anandigwira mkono, nandifunsa mofatsa monga mwa chikhalidwe chawo.

"Alamu, pali chimene ndimafuna kudziwa. Zoti zija n'zoopsa, simunkadziwa kapena munangoiwala kundiuza?"

Ndinati ndinkadziwa pang'ono, koma ndinkafuna anthu aone kuti Kochi si dzina lachipongwe. Anagwedeza mutu, nati chabwino, ndamva, ndithandizeni kutsitsa thumbalo. Sanayambitsenso nkhaniyo kufikira lero.

Mipikisano ija ndimaonerabe nthawi zina, sindinama. Ndi masewero okongola ndipo akatswiri ake ndimawapatsa ulemu kuposa kale, poti tsopano ndikudziwa kuti pambuyo pa mphindi zochepa zimene timaona pa foni pali zaka za maphunziro ndi anthu ambiri owateteza. Koma pa siteji ndinasiya kulalikira. Wina akandiitana kuti Kochi ndimamupempha kuti anditchule dzina langa.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumatsata nkhani za akatswiri pa foni n'kumazifotokozera anzanu, kuonera chinthu kambirimbiri si kuchidziwa. Amene amalemba maganizo awo pa masewero sadziwa msewu wa kwanu, ndipo sadzabwera kudzazonda m'bale wanu akagonekedwa. Wokonza njinga kapena mlongo wanu akakufunsani funso losavuta, musaliseke chifukwa choti wofunsayo sanaone zimene mwaona inu. Ndipo ngati pakhomo panu pali munthu amene amati mukanena iye amangovomera poti amakukhulupirirani, muziopa kwambiri polankhula naye zinthu zimene mukuzidziwa theka. Ine ndinayesera nzeru zanga zoperewera pa thupi la munthu wofatsa amene sakanandikaniza. Ine ndinatuluka wopanda ndi bala lomwe, ndipo m'mawa uliwonse wa tsiku la msika ndimagwada kumuthandiza kukweza mwendo wake pa njinga yanga.