Msana wa Mng'ono Wanga

Uthenga unandipeza ndili m'chikuta, mwana ali pabere, mchombo wake usanagwe. Linali Loweruka masana, kwathu ku Bulangililo, chaka chotsatana ndi chija tinatsitsa mbendera ya azungu. Nthungululu ndinayamba kuzimvera kutali, cha kumsika uko. Kenako zinakhotera mumsewu wathu, zikubwera, zikubwera, mpaka agalu onse a m'komboni anayamba kuvomera. Woyamba kufika pazenera anali mnansi wanga wa Chibemba, mayi wamtali wogulitsa kapenta, amene tinkanyozana naye m'mawa uliwonse monga amachitira Abemba ndi ife a kum'mawa.

"Iwe wodya mbewa!" anakuwa. "Tsegula makutu! Nyumba ino yapambana! Mzere wanu unakafika mpaka kumpanda wa sukulu!"

"Wanama, wodya anyani iwe!"

"Ndikanama ndidye mbewa yako ndi ubweya womwe!"

Mayo ine! Ndinaiwala kuti m'chiuno mukuwawa. Ndinakhala tsonga pamphasa, nyimbo n'kutuluka yokha:

Mpando wabwera, wabwera wokha,
wandipeza chigonere, ee, chigonere!

Azakhali a amuna anga, amene ankandisunga m'chikutamo, anandigwira phewa. "Amake mwana, mudzidzimutsa khanda." Koma panja azimayi anali atailandira kale nyimbo ija kudzera pazenera, akuiombera m'manja.

Mpando wake unali wotere. Ine ndi amuna anga tinachoka ku Katete mkuwa utayamba kukoma ku Kitwe. Iwo ankalowa pansi mumgodi n'kutuluka akuyera maso okha, koma pakutha pa mwezi m'nyumba munkalowa kanthu: lero wayilesi, mawa njinga, mkucha mipando ya khushoni. Ufulu utabwera tinati basi, zonse zatheka. Koma madzi ayi. Pompi inali imodzi, nyumba mbwee, ndowa zikuswera pamzere ngati odwala kuchipatala, azimayi akuvulana maduku chifukwa cha malo. Ndiye a chipani anati azimayi a mbali yathu asankhe mayi mmodzi wokakhala nawo pamsonkhano wa akuluakulu, akanene za madzi, za msika, za zimbudzi, pamaso pa amuna ovala tayi.

Nanga akanakhalapo ndani kupatula ine? Masiku omenyera ufulu ankatsogolera nyimbo ndani? Ankayenda khomo ndi khomo ndani, kudzutsa azimayi kuti akaponye voti, dzuwa likuswa mtengo? Mawu anga ankachoka kumsika n'kukagwa kunjanji. Aliyense ankati, "Amake mwana, mpando ndi wanu, ingobwerani mudzaime."

Kuima kumeneko ndiye kunali kusankha kwake. Kunalibe mapepala. Ofuna mpando ankaima pabwalo atatembenuka, nkhope kukhoma, ndipo mayi aliyense ankakaima kumbuyo kwa amene wamukonda. Kalaliki wa chipani n'kuwerenga mitu. Wa mzere wautali, mpando ndi wake.

Koma mwana wanga uyu, amene lero ali ndi imvi, anafulumira. Anabadwa sabata ya chisankho yomweyo. Nditati ndingopita ndikaime pang'ono, azakhali anakhala pakhomo miyendo tambalale.

"Pabwalo pali anthu otentha, ochokera kumphasa za amuna awo. Mukufuna mwana atupe? Mchombo usanagwe, phazi lanu silidumpha khomo ili."

Ndinalira. Kenako ndinaseka ndekha, ndati vuto lili pati? Kwathu munthu ukadwala umatuma mng'ono wako kumaliro, ndipo anamfedwa amati uje anabwera. Pamlandu chimodzimodzi, paukwati chimodzimodzi. Mng'ono ndi mwendo wa mkulu wake.

Mng'ono wanga ndinali naye m'nyumba momwemo. Ndinamubereka kumbuyo ndine ali khanda, ndinamuitanitsa kumudzi ndine kuti adzandithandize kulera ana. Anali mtsikana wachete, wolankhula ngati akupepesa. Iye sukulu analowamo pang'ono, ine ndinangoiona denga. Ndinamuveka chitenje changa chobiriwira, chija komboni yonse inkandidziwa nacho, ndi duku langa lomwe.

"Pita ukandiimirire," ndinamuuza. "Ukangoima, usakalankhule. Msana wako lero ndi wanga."

Tsono Loweruka lija, nthungululu zili pakati, iye analowa pomalizira. Ankaloledwa kulowa m'chikuta poti anali asanakwatiwe. Anagwada patali, pafupi ndi chitseko, maso pansi.

"Akulu," anatero, "alemba ine."

"Alemba iwe chiyani?"

"Ndinawauza a kalaliki kuti ndaimirira akulu anga. Anaseka. Akuti kuno si kumaliro. Akuti mpando ndi wa mwini msana umene anthu aima kumbuyo kwake."

Nyimbo ndinaisiyira pomwepo. Panja azimayi anali akuyimbabe, wabwera wokha, wabwera wokha, nyimbo yanga, mawu anga, koma akuyimbira mwana amene ndinkamupukuta mamina.

Nsanje ndi chinthu, anthu inu. Ndinali nayo, ndipo sindibisa, yanga inali yonenepa, yodya bwino. Masiku otsala a m'chikuta ndinkagona n'kumamvetsera mapazi. Munthu akagogoda, mtima unkati andifuna ine. Ndiye umve: "Odi! Amayi atcheya alipo?" Amayi atcheya! M'nyumba mwanga, pakhomo pa amuna anga! Azimayi akuluakulu, ena oti anandionapo ine ndikuvina, ankakhala pakhonde n'kumamuuza mavuto awo, iye ali phee, akungogwedeza mutu. Amuna anga nawonso, anthu oti njinga yawo sankalola ndi mwana yemwe kuikhudza belu, anati, "Alamu, tengani njinga, msonkhano uli kutali." Ine sanandiphunzitsepo ndi kupalasa komwe.

Tsiku lina anamutenga pabasi kupita ku Ndola, kumsonkhano wa azimayi. Anabwerako akusimba za mafakitale ofuka utsi, za malole ondondozana, za holo yokhala ndi mipando yopinda yokha munthu ukaimirira. Anandibweretsera sopo wonunkhira. Ndinamuyamika, sopoyo n'kumuika pansi pa sutikesi, osamusamba. Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti sanadzikuze. Akanayenda mokweza mapewa, bwenzi nditapeza pomugwira. Koma iye akabwera kumsonkhano ankavula nsapato, n'kuchapa matewera a mwana wanga, n'kundipatsa madzi atagwada. Munthu wotere umamukalipira potani? Nsanje inkasowa potulukira.

Mchombo utagwa, mwana atametedwa, ndinatuluka. Sindinayambe ndi kutchalitchi, ndinayamba ndi kwa kalaliki. Mng'ono wanga ananditsatira pambuyo, ndipo ndi iye amene anayamba kulankhula.

"Mpando ndi wa akulu anga. Ine ndinangobwereka. Abwezereni."

Kalaliki anakanda m'mutu ndi pensulo. "Mpando si mpeni wobwerekana, amayi. Eni ake ndi azimayi aja. Akafuna, abwereze kuima."

Ndinati abwereze! Ndikuopa chiyani ine? Loweruka lotsatira tinasonkhana pabwalo lija. Chitenje chobiriwira ndinavala ndine mwini wake, mwana kumbuyo. Mng'ono wanga anakana kuima. Anati sangapikisane ndi munthu amene anamusiyira bere. Mnansi wanga wa Chibemba anamukoka dzanja.

"Awe, uime. Ufulu uja mkulu wakoyu ankatigonthetsa nawo m'makutu ndi womwewu. Tisankhe tokha."

Tinaima awiri, ine ndi mng'ono wanga, phewa ndi phewa, nkhope kukhoma. Iye misozi ili chuchuchu. Ine ndinkang'ung'udza kanyimbo kachipambano, ndikukakonza kuti kakhale kokonzeka. Kumbuyo kunayamba mapazi, tswa tswa tswa, ana kulira, zitenje kukhulana. Kutembenuka n'koletsedwa. Ndinatchera khutu lakumanja, kumene kunali iye, ndinamva phokoso. Ndinatchera lakumanzere, ndinamva mphepo. Ndati mwina khutu ili ladwala.

"Tembenukani!" anatero kalaliki.

Mzere wanga unali ngati mchira wa mbuzi. Munali azakhali, azimayi ochepa a kwathu ku Katete akuyang'ana zala zakumapazi, ndi mnansi wanga wa Chibemba, mano onse pamtunda. Mzere wa mng'ono wanga unadutsa mpanda wa sukulu n'kukhota.

"Iwenso waima kwa ine?" ndinamufunsa wa Chibemba uja.

"Ndimafuna ndione bwino nkhope yako potembenuka. Yandikwanira, mukwai. Lero sindidya."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinawafunsa azimayi aja pamaso, ndati ndinakulakwirani chiyani? Tsiku loyamba lija simunaime kumbuyo kwa chitenje changa? Anayankha ndi mayi wina wa mapasa, wa nyumba za kumunsi, amene ndowa zake zinkakhala kumapeto masiku onse.

"Tsiku lija tinaimira inu, amake mwana, n'zoona. Lero taimira iye. Inu tikabwera ndi dandaulo mumaliyambira nyimbo tisanamalize kunena. Nyimbo yake yokoma, tivina, tibwerera kunyumba, ndowa zili gwa. Uyu amakhala chete mpaka titamaliza, ndipo akakafika kwa a matayi amanena mawu athu omwewo."

"Kukhala cheteko anakuphunzira kwa ine!" ndinatero. "M'nyumba mwanga akanalankhula nthawi yanji?"

Anasekanso. Ndinamanga mwana bwinobwino n'kubwerera kunyumba osatembenuka. Msana wanga anauona mokwanira tsiku limenelo.

Miyezi inapita, pompi yatsopano osabwera. Mng'ono wanga ankapita kumisonkhano, ankanena, ankauzidwa kuti mawa. Potsiriza anaitana azimayi onse kuti ayende wapansi mpaka kumaofesi a m'tauni, aliyense ndi ndowa yopanda madzi pamutu. M'mawa wake anandipeza ndikusesa.

"Akulu, azimayi sayenda popanda nyimbo."

"Mpando uyimbe," ndinatero, tsache osaliimitsa.

Anachoka mwakachetechete. Ndinamva ndowa zikugundana kumsewu, azimayi akusonkhana. Kenako ndinamva chinthu china, ngati chitseko cha malata chikukhula pasimenti. Anali mnansi wanga wa Chibemba, akuyambitsa nyimbo. Nyimbo! Iye uja! Mawu ake oitanira kapenta! Ndati ayi, mpando andilanda, tsono ndi nyimbo zomwe andilande ndili moyo? Tsache ndinaliponya uko, mwana kumbuyo, ndowa pamutu, liwiro.

"Tseka pakamwa, wodya anyani, uthawitsa mvula!"

"Wachedwa bwanji?" anatero. "Pakhosi pandipweteka kale. Mng'ono wako anati ndingoyamba, ubwera wekha."

Ndinamuyang'ana mng'ono wanga. Iye maso anali kutsogolo, ngati sakumva. Kamwana kachete kaja! Koma nyimbo inali itafika kale pamilomo:

Mkuwa ukuwala, ndowa yauma,
mwana ndimusambitse ndi mbendera kodi?

Azimayi anavomera, ndowa zikulira ngati ng'oma, msewu wonse wa ku tauni unaima. Amuna a m'mashopu anatuluka, a pa njinga anatsika. Titafika, ine ndinayimba mpaka a matayi anasuzumira m'mazenera. Atatuluka, ndinasiya, mng'ono wanga n'kuyamba kulankhula ndi mawu ake opepesa aja, osawonjezera, osachotsera. Ndinaima pambali ndikumva mawu alionse, ndipo alionse ndinkati ndikanawanena bwino ndine.

Mvula isanagwe anabwera anthu okumba ngalande. Pompi yatsopano inaima pamphambano, pafupi ndi nyumba ya mayi wa mapasa uja. Anaitsegula Lamlungu titaweruka ku Misa. Anabweretsa mipando ya alendo, ndipo umodzi, wa manja uku ndi uku, unali wa amayi atcheya. Anamuitana kuti apotokole. Madzi anatsokomola, anatsokomolanso, kenako phwaa! Iye anatunga m'kapu, anadutsa a matayi onse, n'kudzagwada m'matope patsogolo panga.

"Akulu, yambani ndinu."

Ndinamwa. Anali ozizira, onunkha chitsulo, okoma kuposa tiyi wa mkaka. Ndinaliza nthungululu imene anthu a ku Ndeke, komboni ina yakutali, amati anaimva. Koma pomwe ndinkamwa, diso langa linali pamwamba pa kapu, likuyang'ana mpando wa manja uja. Mpaka lero, tonse tili ndi ndodo, ndikapita kwake ndimakhala pampando wake wabwino asanandiuze, iye n'kukhala pamphasa, n'kumaseka chamumtima.

Tsono anabwera kudzasangalala ndani tsiku lija? Anabwera azakhali a amuna anga, atavala nsapato za eni ake. Anabwera amuna anga ndi anzawo a shifiti ya m'mawa, zipewa za mumgodi zili m'manja kuti atungire. Anabwera mayi wa mapasa ndi mapasa ake, oyamba pamzere tsiku limenelo. Anabwera kalaliki ndi pensulo yake kukhutu. Anabwera akatekisiti, anabwera telala wa pakona, anabwera mayi wofulula mowa amene ankati madzi akewo ndi a tiyi. Anabwera mayi wina wa mpingo wosavota, nati iye wadzera madzi okha, koma phazi lake ndinaliona likuvina. Anabwera azimayi a ku Katete, aja a mchira wa mbuzi, ndi ena onse aja anandithawa, ndinawapatsa moni mmodzimmodzi kuti adziwe kuti ndikuwakumbuka. Anabwera wodya anyani wanga, atandipaka ufa kumaso kuti ndiyere ngati mbewa ya m'nkhokwe. Anabwera mwana wanga, kumbuyo kwanga, mwini mlandu wonse, ali m'tulo. Ndi mng'ono wanga, mwana wa mayi anga, maondo ali matope, atakhala pampando wanga.