Chikolopa cha Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, Mulungu anawapatsa msinkhu n'kuwamana zina zonse. Tinkachita lendi nyumba imodzi ku Yeoville, ine chipinda, iwo kakhonde kotchinga ndi mabolodi. Ankagwira ntchito ku timu ina ya basiketibolo ya mu Joni. Ankakhala kuseri kwa golo ndi chikolopa, wosewera akagwa iwo n'kuthamanga kukapukuta thukuta pansi kuti wina asaterereke. Inali ntchito yabwinobwino, ndipo ndi imene inkadyetsa mng'ono wanga ndi ana ake ku Ntcheu.

Koma kumudzi ankadziwa zina. Alamu anabwereka jezi, n'kujambulitsa atanyamula mpira, chithunzi n'kutumiza. Kwathu konse ankati mkamwini wathu ndi katswiri.

Timuyo inayamba chaka ngati nkhuku yovumbwa. Zimphona zazitali ngati mabulugamu, zolipidwa kuponya mpira m'kadengu kobooka, zinkangogonja mlungu ndi mlungu. Kenako zinadzidzimuka n'kuyamba kupambana, ndipo alamu ankalowa m'nyumba akufuula kuti "tawakwapula!" Ine ndinkangoyang'ana thauzi lawo lonyowa m'maondo. Ankandinyansa, sindibisa.

Timu inalowa m'ndime yachipulula, n'kugwetsa anzawo mpaka kufika pa masewera otsiriza, oonetsedwa pa kanema wofika mpaka ku Malawi. Mng'ono wanga anaimba foni kuti banja lonse likaonera kumsika.

"Eish, alamu, ndipange bwanji?" alamu angawo anandifunsa.

"Auzeni zoona. Apo ayi, kolopani bwino akuoneni."

"Inu za masewera simungazimvetse."

Ndinapita kukaonera kubwalo la masewera. Alamu anadzipanikiza kuseri kwa chikwangwani, chikolopa atabisa kumapazi. Masewera ali pafupi kutha, zigoli zili pafupifupi, mnyamata wina anagwa pansi pa golo n'kusiya chithaphwi cha thukuta. Makamera onse analoza pomwepo. Alamu anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, zomangamanga kale. Mpira unapitirira. Posakhalitsa katswiri weniweni wa timuyo anabwera chothamanga, n'kuponda pachithaphwipo. Bondo linalira ngati nkhuni youma, ndipo anamutulutsa atamunyamula. Timu inagonja. Alamu anawachotsa ntchito anthu asanathe n'komwe kutuluka m'bwalo.

Kutacha mng'ono wanga anaimbanso, mawu ali odzaza ndi chimwemwe.

"Achemwali, tinawaona! Sanawalowetse, koma anawaonetsa akumanga nsapato, akukonzeka. Ana akufuna nsapato ngati za bambo awo."

Ndinapereka foni kwa eni ake. Anakhosomola, n'kunena molimba mtima kuti, "Shapu, amayi a ana, chaka chamawa mundiona ndikusewera."

Atandibwezera foni anandifunsa motsitsa mawu ngati abwana a kuntchito kwanga sakufuna munthu wosesa pabwalo pa nyumba yawo.