Chijeremani cha amuna anga

Amuna anga anaphunzira uinjiniya ku Germany, ndipo mpaka lero sitinapume. Ngakhale tigule makina ochapira, amayamba awerenga mokweza malangizo a Chijeremani, ife tili chiimire ndi zovala zakuda m'manja.

Ndiye mwana wathu wamkazi atalowa gulu la zisudzo zoimba za Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda ochokera ku Ulaya, bambo ake anasangalala kuposa mwini wake. Amene anamukokera mwanayo kumeneko ndi mnzake wa ku yunivesite. Ine zinandiwawa ndithu. Mwana woti ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, lero akukhuluza pakhosi m'bafa ndi nyimbo za eni ake!

"Chiyidishi ndi Chijeremani chomwe, changovala chipewa china," anatero amuna anga. "Ndidzakutanthauzirani zonse."

Masiku amenewo m'nyumba mwathu ku Markham, kuno kunja kumene tinasamukira, munali nkhani ina imene tinkaizemba. Mwanayo anali atapeza ntchito ku Vancouver, kumathero ena a dzikoli, ndipo ife tinkangoti tikuganizabe. Ine sindinkafuna n'komwe kuti apite.

Chisudzo chinali Lamlungu masana. Holo inadzaza agogo otchena, ena akuimba nawo popanda wowapempha. Amuna anga ankandinong'oneza mawu amene atola, monga mkate, madzi, mwana, koma pakabwera mawu ochokera ku Chihebri kapena Chipolishi, chifuwa chinkawagwira mwadzidzidzi.

Kenako mwana wathu anatulukira atamanga duku, akusewera ngati mtsikana wotsanzikana ndi mayi ake pa siteshoni ya sitima. Ankaimba mobwereza mawu akuti "ikh darf geyn".

"Akuti waloledwa kupita," anandinong'oneza amuna anga. "Ndi nyimbo yachisangalalo imeneyi."

"Nanga anthuwa akuliriranji?"

"Darf means allowed, mayi, ndikudziwa ine!"

Apa mawu anali atakwera. Gogo wina amene anakhala pafupi anawagogoda pabondo ndi ndodo yake, n'kuwauza m'Chingerezi kuti m'Chijeremani ndi choncho inde, koma m'chilankhulo chawo mawuwo amatanthauza kuyenera. Mtsikanayo sakunena kuti amulola, akunena kuti ayenera kupita, afune asafune.

Amuna anga anayamba kufotokoza za galamala, gogoyo n'kuwaloza kutsogolo kuti aonere. Ine ndinayang'ana mwana wanga. Maso ake anali pa mzere wathu. Ndinalira limodzi ndi agogo aja, mwina kuwaposa.

M'galimoto pobwerera mwanayo anafunsa kuti, "How was it, Mum?"

"Unaimba bwino, mwanawe."

Bambo ake anakonza pakhosi. "Za ku Vancouver zija, paja sitinavomereze. Tikufunika tidiskase kaye."

"Bambo ake, mwanayu sakupempha," ndinatero.

Lolemba nditaweruka kuntchito ndinapita kusitolo kukamugulira sutikesi, yaikulu kwambiri imene ndinaipeza m'sitolomo.