Maluwa Okhota a Aling Perlita

Kuno kwathu m'tauni ya Lumban aliyense amagwira singano, koma pa kupeta maluwa panalibe wofika pa mayi wina, Aling Perlita. Ndiye chaka china matumbo awo anapotana n'kuwola, madokotala n'kuchotsa pafupifupi onse. Chaka chathunthu ankadyera mu mtsempha, mpaka anapita kunja kukaikidwa matumbo a munthu wina. Asanalowe ku opaleshoni analonjeza Amayi Maria kuti, "Mukandibweza wamoyo, mwinjiro wovala chifanizo chanu pa chikondwerero ndipeta ndekha."

Anabwerako, Mulungu ngwabwino. Koma mapiritsi oletsa thupi kukana matumbo achilendowo ali ndi nkhanza zake. Nkhope inafufuma, chimfine cha aliyense chinkawapeza, ndipo manja ankangonjenjemera. Kulowetsa ulusi pa singano mpaka kakhumi.

Kutatsala milungu iwiri kuti chikondwerero chifike, mnzawo Tasing, amene ankaitanana naye kuti Mare, anasuzumira pa nsalu ya mwinjiroyo.

"Mare, ili ndi duwa kapena nkhanu yopondedwa?"

"Nkhanu ndiwe! Khala uko, ukutsokomola."

"Tamvera. Siya mapiritsiwo sabata imodzi yokha, manja akhazikike. Amayi Maria ungawaveke zokhota pamaso pa tauni yonse?"

Mawu amenewo anawalowa. Lonjezo kwathu kuno si chinthu chosewera nacho, ndipo kupatsa wina kuti akumalizire ndi kunamiza Kumwamba. M'mawa mwake anaika mapiritsi m'thumba la diresi osamwa, n'kukhala pansi kuyamba kupeta. Adokotala anali atanena mosabisa kuti ukangodumphitsa, thupi limayamba kulimbana ndi matumbowo, ndipo matumbo ena sapezeka msanga.

Anakhala choncho mpaka belu la masana. Akupemphera, anakumbuka kuti matumbowo anali a mwana wa mayi wina, amene analira maliro kuti iwo adyenso mpunga ndi nsomba.

"Amayi, inunso munaikapo mwana m'manda," anatero. "Za mwana wa mnzathu sindingataye chifukwa cha maluwa."

Anameza mapiritsi aja, n'kuitana amuna awo, Mang Domeng, amene ankasoka ukonde panja.

"Domeng, tandimanga dzanjali ku thabwa lopeterali, lisanjenjemere."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikufuna kukumanga, koma pakamwa."

"Manga, nkhalamba iwe, nthawi ikutha!"

Anamanga mkono ndi kansalu, zala zokha n'kumayenda. Duwa limodzi linkatenga tsiku lonse. Maluwa ena anatuluka onenepa, ena opendama, koma onse khumi ndi awiri anatha.

Tsiku la chikondwerero Aling Perlita sanaloledwe kulowa m'chigulu, choncho anaima pa zenera atavala chophimba pakamwa. Onyamula chifanizo atafika pa nyumba yawo anaima, n'kuchitembenuza kuti chiyang'ane zeneralo. Tasing anakuwa ali mu msewu.

"Mare, la kumanzereli lapendamabe!"

"Ndaliona! Eni ake adandaula?"