Tepi ya pa Kachala ka Mayi Waya

Mayi Waya anabadwa pa 17 Okutobala 1962, ndipo mpaka pa 3 Febuluwale 2019 sankadziwa kuimba gitala. Zimenezi sizinawaletse kuiimba pamaso pa anthu ukulu wawo wonse. Ankanena okha, simbi ili m'manja, kuti pa ntchito ziwiri zimene Mulungu anawapatsa, ya kusita anachita kuphunzira, koma ya gitala anangogweramo monga mmene munthu amagwera m'ngalande.

Ankagwira ntchito pa shopu yochapa ndi kusita zovala, m'chipinda cha kumbuyo chopanda zenera, pakati pa makina ochapira ndi chitsulo chokolekapo majekete. Makasitomala ankangoona mayi wa magalasi, wa imvi zometa mwachidule, katswiri woongola kolala. Sankadziwa kuti Loweruka lililonse masana mayi yemweyo amavala jekete lachikopa lodzaza mapini, n'kupita ku galaja ya achimwene ake kukasokosa.

Nyimbo zake zinali za panki: zazifupi, zaliwiro, zokalipa, zoti ukazimva koyamba umayesa anthu akumenyana ndi mapoto. Gulu lawo, Zitini Zobooka, linayamba pa 10 Ogasiti 1991 ndi anthu atatu, ndipo silinakulepo. Achimwene awo, owotcherera zitsulo, ankakuwa pa maikolofoni uku akukwapula besi, gitala ya mawu okhuthala. Ng'oma ankaimba mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, dalaivala wa galimoto yogawa buledi. Amuna awo enieniwo anachoka pa 2 Januwale 1998, ati makutu atopa. Mlamu anatsala. “Pa banja lonse lija anandisiyira waphokoso,” ankatero Mayi Waya. Dzina la Waya analipeza chifukwa nsambo ikaduka ankamangapo waya wa mabuleki a njinga, ndipo palibe ankamva kusiyana.

Gululi linali ndi lamulo limodzi, limene achimwene analilemba ndi moto wowotcherera pa chitseko cha galaja: MAKIYI ATATU BASI. Kiyi ndi kaikidwe ka zala pa nsambo kuti patuluke mawu ogwirizana, ndipo gitala ili nawo ambirimbiri. A Zitini Zobooka ankadziwa atatu, n'kumanyadira. Achimwene ankati munthu wodziwa kuimba amasanduka wabodza, chifukwa zala zake zimafika kumene mtima sunafike. Mayi Waya ankavomereza ndi mtima wonse, poti chiphunzitsocho chinkawapulumutsa ku ntchito yophunzira. Zala ziwiri zinkawakwanira. Kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere kankangoima m'mwamba ngati ka munthu amene akumwa tiyi kwa apongozi.

Tsiku lija la pa 3 Febuluwale anaterereka pa masitepe a nyumba yosanja imene ankachita lendi, atanyamula ampulifaya, bokosi lokuzira mawu a gitala. Ampulifaya sinakandike n'komwe, poti anaikumbatira ngati khanda. Mwendo ndiwo unathyoka pawiri. Kuchipatala anawaika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, n'kuwauza kuti akagone.

Anagonadi. Anayang'ana kudenga mpaka mng'alu uliwonse anaudziwa ngati mbale wawo. Ampulifaya mlamu anali atapita nayo ku galaja, ndipo gitala ya magetsi ikakhala yokha imangonong'ona. M'kunong'ona kumeneko Mayi Waya anamva koyamba zimene akhala akuchitira anthu zaka zonsezi. Anaika gitala pansi mwakachetechete, n'kupepesa khoma.

Kuseri kwa khomalo kunkakhala mkulu wina amene anthu a m'nyumbamo ankamutcha a Limba, chifukwa anapuma pa ntchito yoimba limba kutchalitchi. Masana aliwonse mkuluyo ankaimba nyimbo imodzi yodekha, ndipo nthawi zonse ankaphonya pa malo amodzimodzi, n'kutsokomola, n'kuyambiranso. Mayi Waya, posowa chochita, anayamba kumutsatira pa gitala kuti azimunyoza. Makiyi atatu aja sanakwane. Nyimbo inkafika pena pamene inkapempha kanthu kena, ndipo tsiku lina kachala kaja, kosatumidwa ndi munthu, kanatsika n'kugwira nsambo. Panatuluka mawu okoma moti Mayi Waya anacheukira kukhomo kuona ngati wina wawapezerera.

Limba linaleka. Pakhoma panamveka kugogoda.

“Mayi a kuseriko,” anatero a Limba, “tabwerezani pamenepo.”

“Sindine, bambo. Ndi wailesi.”

“Ndiye muiuze wailesiyo ibwereze.”

Chikhakha anachichotsa pa 12 Epulo, koma pofika tsikulo matenda enieni anali atalowa kale. Makiyi anali atawadziwa ochuluka. Choipa koposa, anali atazolowera kudikira kuti mawu a nsambo azilale okha asanagwire ena, iwo amene moyo wawo wonse ankathamangitsa nyimbo ngati basi yoti ikuwasiya.

Ku galaja anabisa bwino mpaka pa 15 Juni. Tsiku limenelo ankaimba nyimbo yawo yakale yotukwana mwininyumba, chitseko chikunjenjemera, zidutswa za zitsulo zikuvina pa tebulo. Pakati pa nyimbo kachala kanatsika. Mlamu anaima, ndodo za ng'oma zili m'mwamba.

“Alamu, chimenecho n'chiyani?”

“Chiti?”

“Chamveka bwinocho.”

“Chala chaterereka, iwe. Thukuta.”

“Thukuta limeneli lapita kusukulu,” anatero achimwene, akuvula besi. “Chemwali, bweretsa dzanja.”

Anagwira dzanjalo n'kulitembenuza pansi pa babu. Nsonga ya kachala inali itauma gwa ngati chidendene. Umboni wina sunafunike.

“Unayamba liti?” anafunsa motsitsa mawu, ngati nkhani ndi ya mowa.

Mayi Waya anaulula zonse: mwendo, khoma, mkulu wa limba. Ndipo poti pakamwa panali patatseguka kale, anaonjeza kuti iwo ndi a Limba ayambitsa kagulu ka anthu awiri, dzina lake Kuseri kwa Khoma, ndi kuti aitanidwa kukaimba m'holo ya laibulale pa 21 Seputembala.

“Laibulale!” anakuwa mlamu. “Kumene amaletsa ndi kuyetsemula komwe? Alamu, akulu anga anachoka bwino, sanazione izi.”

Achimwene sanaseke. Anatenga tepi yakuda yomangira mawaya a magetsi, n'kumanga kachala kaja pamodzi ndi chala choyandikana nacho.

“Muno uzilowa chonchi,” anatero. “Koma za mkulu wa tchalitchi uja, usankhe. Ukakaimba kumeneko, ife tipeza wina. Anthu osadziwa gitala sasowa.”

Mayi Waya anaseka, n'kunena kuti wosadziwa kufika pa iwo adzamufuna mpaka kutopa. Koma tepiyo sanaimasule mpaka kunyumba. M'basi ankangoyang'ana dzanjalo lili pamwendo. Galaja ija sinali malo a phokoso chabe. Amuna awo atachoka, anathawira kumeneko. Pa 6 Meyi 2007, atachokera koika maliro a mayi awo, iwo ndi achimwene sanapeze cholankhulana; analowa m'galaja zovala zakuda zili m'thupi, mlamu n'kugunda ndodo zake kuyambitsa nyimbo, ndipo anasokosa mpaka misozi inapeza njira. Tsopano zonsezo zimati zithe chifukwa cha kachala kosafika ndi kutalika kwa chotokosera m'mano.

Anayesa kusiya. Lachinayi lina a Limba anagogoda pakhoma, iwo n'kunamizira kugona. Mkuluyo anayamba yekha, anafika pa malo ake aja, anaphonya, anatsokomola. Pamene ankayambiranso, Mayi Waya anapezeka gitala ili kale pamwendo. Anadzitukwana, n'kupitiriza.

Mtsikana wina wogwira ntchito ku laibulale anali atawachenjeza kuti asanaimbe adzawafunsa chimene chinawachititsa kuyamba gulu latsopano. Yankho analikonzera pa tebulo lositira. “Monga waluso,” ankauza malaya a munthu wina, “ndinamva kuti mzimu wanga ukusowa chipinda chokulirapo.” Ankasintha, n'kuuza buluku kuti luso ndi ulendo. Bwana wa shopu anasuzumira n'kufunsa ngati mutu uli bwino. Chifukwa chenicheni sankadziwa kuchinena popanda kuchita manyazi: ankangofuna kumva nsambo ikumaliza mawu ake. Mzimayi wa imvi, wa mapini pa jekete, angaime pagulu n'kunena zimenezo?

Ku galaja ankapitabe, kachala kali m'ndende. Za laibulale palibe anatchulanso. Loweruka lomaliza tsiku la ku laibulale lisanafike, mlamu anawaperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sanachitepo, n'kungoti, “Muyende bwino, alamu,” popanda chipongwe chilichonse. Ulemu umenewo unawaopsa kuposa mawu a achimwene.

Pa 21 Seputembala masana, holo inali ndi mipando ya pulasitiki, tebulo la tiyi, ndi anthu opuma pa ntchito amene ena anabwera kudzamvera, ena kudzathawa dzuwa. Mayi Waya anavala diresi la maluwa limene analisita okha kawiri, pambali pawo pali ampulifaya imene anakaitenga ku galaja. A Limba anakhala pa limba lawo laling'ono, tayi ili pakhosi. Mtsikana uja anaimirira ndi maikolofoni.

“Amayi, mwaimba nyimbo za panki kwa nthawi yaitali. N'chiyani chinakulimbikitsani kuyamba gulu latsopanoli?”

Mayi Waya anakweza chibwano. “Monga waluso,” anayamba. Chitseko cha kumbuyo chinalira. Analowa achimwene ndi mlamu, majekete achikopa ali m'thupi, n'kukhala pa mzere womaliza, manja atapinda pachifuwa.

Mzimu uja ndi chipinda chake chokulirapo zinathawira pa zenera.

“Ndinathyoka mwendo,” anatero Mayi Waya.

Mtsikana anadikira.

“Ndiye kachala,” anaonjeza, n'kukaonetsa kwa anthu. Ena anaomba m'manja poopa kuoneka amwano.

A Limba anayamba nyimbo yawo yodekha ija. Mayi Waya anaika dzanja pa nsambo, maso ali ku mzere womaliza. Kachala kanadzuka, kanaima m'mwamba ngati ka womwa tiyi, n'kukaniratu kutsika. Zonse zimene anaphunzira pa bedi zinafufutika. Zala ziwiri zakale zija zokha ndizo zinkadziwa njira ya kwawo. Dzanja lamanja, losafunsa mwini wake, linapotoza batani la ampulifaya mpaka kumapeto monga lakhala likuchitira kuyambira 1991.

Makapu analira pa tebulo. Gogo wina wa kutsogolo anazula kachipangizo komvera m'khutu n'kukaika m'chikwama. Nyimbo imene inayenera kuyenda ngati mkwati inathamanga ngati mbala, ndipo a Limba, poona kuti akutsalira, anagwa pa limba ndi manja onse awiri n'kuithamangira, tayi ikuuluka. Malo awo ophonya aja anawadutsa pa liwiro loti ndi mpata wotsokomola sunapezeke. Asanazindikire, onse awiri anafika kumapeto nthawi imodzi, ali wefuwefu.

Kenaka mlamu anakwera pa mpando wa pulasitiki.

“Alamu achira!” anakuwa. “Achimwene, achira! Bwerezani, alamu!”

Mtsikana wa laibulale anathokoza oimba mwachangu, n'kulengeza kuti tiyi wapsa.

Panja, achimwene ananyamula okha ampulifaya kukaiika m'galimoto ya buledi, pakati pa makireti opanda kanthu. Mayi Waya anaima pambali, diresi litamatirira kumsana, kudikira chigamulo.

“Zinali zoipa kwambiri, chemwali,” anatero achimwene.

“Zikomo, achimwene.”

“Ine ndimayesa mumaimba zenizeni. Ngati ndi mkulu wakoyu mumachita zimenezi, pitirizani. Loweruka usachedwe.” Anatulutsa mpukutu wa tepi m'thumba n'kuuponya m'chikwama cha mlongo wawo. “Koma iyi usaiwale. Matenda amabwerera.”

Mayi Waya anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti anali mantha chabe, kuti kunyumba nyimboyo amaiimba bwino, mpaka mawu ake omaliza. Anayang'ana tepi, anayang'ana achimwene, n'kutseka pakamwa.

A Limba anatulukira akupukuta magalasi, nkhope ikuwala.

“Mayi, mwamva? Lero ndadutsa paja osaphonya.”

“Mwaphonya, bambo. Kungoti sizinamveke.”

“Kwa ine n'chimodzimodzi,” anatero mkuluyo, n'kupempha mlamu kuti amukweze.

A laibulale sanawaitanenso. Kuseri kwa Khoma kunabwerera kumene kunayambira: Lachinayi masana, wina uku wina uko, limba likuphonya paja, gitala ikunong'ona, kachala kakugwira ntchito yake mosabisa. Loweruka Mayi Waya amamanga okha kachalako ndi tepi ali m'basi, n'kulowa m'galaja osadziwa kanthu ngati kale. Vuto limene latsala ndi la Lolemba m'mawa, chifukwa tepi imasiya ulimbo wakuda pa chala, ndipo amayenera kuchikwecha ndi sopo nthawi yaitali asanakhudze kolala yoyera ya munthu.