Zitseko za Magalasi za Amake Ghassan

Mumsewu wathu ku Beirut aliyense ankawadziwa a Nuhad, Amake Ghassan, osoka madiresi a ukwati. Anali aafupi, aliuma, ndipo akakalipa ankamveka mpaka kwa wophika buledi wapakona.

Amuna awo, a Fawzi, atafa ziwalo mbali imodzi n'kusiya kulankhula, mayiwa anagumulitsa khoma la pabalaza n'kuikapo zitseko ziwiri za magalasi, zotsekukira kubwalo la mkati. Bambowo ankaswera pampando wawo, kuonerera nkhunda ndi adzukulu akusewera pansi pa mtengo wa mandimu.

Kenaka nkhondo inabuka. Tonse tinatseka mawindo ndi matumba a mchenga, nyumba zathu n'kusanduka mapanga. Bomba litagwa kuseri kwa msika, magalasi a Amake Ghassan anangoti phwaa, onse. Iwo anasesa, n'kuitana mmisiri, Abu Rafik, kuti aikemo ena. Amenewonso anasweka. Anamuitananso.

"Mayi, ntchito ndimaifuna," anatero Abu Rafik, "koma apa tikutunga madzi ndi dengu."

"Dengulo n'lako? Yeza, dula, ika. Khofi wako akuzizira."

Ulendo wina chidutswa cha galasi chinawacheka mayiwo patsaya. M'mawa mwake Ghassan, mwana wawo wachisamba, anafika ndi ngolo ya njerwa ndi thumba la simenti.

"Amayi, zakwana. Lero ndikumanga khoma."

"Ukufuna kuwamangira manda bambo ako akupuma?"

"Magalasiwa akuphani!"

"Nanga njerwa zakozo zikupatsa moyo wosatha? Oponya mabombawo akufuna tizikhala mumdima ngati makoswe. Ine ndiwathandize? M'nyumba mwangamwanga?"

Ghassan anangoyamba kukanda simenti. Mayi ake anakoka makina osokera, kuwaika pakati penipeni pa khomo, n'kukhala pansi kuyamba kusoka, nsalu yomanga bala ili patsaya.

"Manga, mwanawe. Undimangire momwemo."

Iye anayala njerwa yoyamba pafupi ndi phazi lawo. Pamenepo a Fawzi anatukula ndodo ndi dzanja lawo labwinolo n'kuikankha njerwayo mpaka kugwa. Ghassan anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Anasamba m'manja, n'kupita yekha kukaitana Abu Rafik.

Magetsi sankayaka masiku amenewo, koma anthu sanaleke kukwatirana. Atsikana ankadutsa pa zipata za asilikali, nsalu zili m'khwapa, kudzayesa madiresi m'nyumba yokhayo yowala mumsewu wonse. Mng'ono wanga Salwa anayesera momwemo diresi lake, mfuti zikulira kumapiri.

A Fawzi anamwalira ndi matenda awo nkhondo isanathe. Ghassan anasamukira ku Canada ndipo ankawachonderera mayi ake kuti amutsatire. Iwo ankangoti, "Ndikachoka, wosoka wina wa kumtundaku, wosadziwa ntchito, awaonongera madiresi ana a eni." Anasoka mpaka maso atachita khungu, kenaka n'kumakalipira amene ankawasokera.